Mmene Mungakonzere Tsiku Loona Nyumba Zojambulidwa ndi Akatswiri mu Mzuzu

Anthu ambiri amene akumanga ku Nkhorongo, ku Lupaso, ku Msongwe ndi ku Luwinga amayamba ndi pulani yomwe anabwereka kwa mnzawo kapena anaiona pa Facebook, ndipo amadzazindikira atalowa kale m'nyumbamo kuti pabalaza sipafika dzuwa mwezi wonse wa Juni, kapena kuti madzi a padenga akukumba m'mbali mwa faundeshoni. Mavuto oterewa sabwera chifukwa cha kuchepa kwa ndalama kokha, popeza amapezeka ngakhale m'nyumba zomwe zinadya mamiliyoni ambiri. Gwero lake lalikulu ndi lakuti womangayo sanalowepo m'nyumba yomwe katswiri wa mapulani anaiganizira mofatsa kuyambira pa dothi mpaka padenga, chifukwa nyumba zoterozo zimakhala kuseri kwa mipanda italiitali, ndipo wodutsa mumsewu amangoona geti ndi mtundu wa malata.

Ku London anapeza njira yotsegulira mageti amenewa. Mwambo wa Open House unayambitsidwa kumeneko m'chaka cha 1992 ndi mayi Victoria Thornton, ndipo chaka chilichonse m'mwezi wa Seputembala eni nyumba amalola anthu wamba kulowa ulere kuti aone kamangidwe kake, kawirikawiri wojambula pulaniyo ali pomwepo kuti ayankhe mafunso. Mwambowu unafalikira kumizinda ina monga New York ndi Lagos. Gulu la mpingo, bungwe la anthu okhala dera limodzi, banki mkhonde kapena ophunzira a pa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) angathe kuchita zofananazo kuno, poyambira ndi nyumba zitatu kapena zinayi zokha. Malangizo otsatirawa ndi a anthu amene angafune kusenza ntchito imeneyi.

Yambani ndi katswiri, osati ndi nyumba

Mukapanga kakomiti ka anthu anayi kapena asanu, ntchito yanu yoyamba ikhale kupeza katswiri wa mapulani a nyumba amene angavomere kuyenda nanu. Funsani ku bungwe la akatswiriwa la Malawi Institute of Architects, ndipo tsimikizani kuti munthuyo analembetsedwa ku Board of Architects and Quantity Surveyors, chifukwa si aliyense wodziwa kujambula pulani pa kompyuta amene anaphunzira ntchitoyi mpaka kumapeto. Akatswiri ambiri ali ndi maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe kulinso sukulu ya MUBAS yomwe kale inkatchedwa Polytechnic, choncho muwauze kudakali miyezi iwiri kapena itatu kuti akonze ulendo. Katswiriyu ndi amene amadziwa nyumba zomwe anajambula mumzinda muno, ndipo mwini nyumba amene angakukanireni inu pageti angamumvere iye.

Sankhani nyumba zophunzitsa

Pano ndi pomwe komiti ingasochere mosavuta, chifukwa mtima umathamangira ku nyumba yaikulu ya nsanjika yomwe aliyense amailoza akamadutsa. Nyumba yotero ingakhalepo imodzi, koma anthu amene adzabwere ambiri ndi aphunzitsi, anamwino, ochita malonda mumsika ndi opuma pantchito, omwe akufuna kumanga zipinda zitatu pa puloti yaing'ono. Kwa iwo, nyumba yaing'ono yokonzedwa mwanzeru ndi yopindulitsa kuposa nyumba ya mabafa asanu. Funani nyumba zomwe zinakumana ndi mavuto osiyanasiyana: ina yomangidwa pamalo otsetsereka, monga mmene mapuloti ambiri a Mzuzu alili, ina yoyandikana ndi dambo, ina yomangidwa ndi mabuloko a simenti kapena njerwa zadothi zosakaniza ndi simenti pang'ono n'kupanikizidwa ndi makina. Yomalizayi ndi yofunika, chifukwa m'chaka cha 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, koma anthu ambiri akukayikabe njerwa zinazi poti sanazigwirepo ndi manja. Nyumba zodikirira amayi oyembekezera zomwe akatswiri a mapulani a MASS Design Group anajambula pa chipatala cha Kasungu, zomwe zinatha mu 2015, zinamangidwa ndi njerwa zadothi zoterezi, ndipo katswiri wanu angathe kubweretsa zithunzi zake.

Ngati mungapeze nyumba imodzi yakale, muiikepo. Mzinda uno unayamba cha m'ma 1947 ndi munda wa mitengo ya tung, yomwe mbewu zake amayenga mafuta, ndipo unakwezedwa kukhala mzinda mu 1985, kotero kuti nyumba zake zakale si zambiri, koma zina mwa izo zili ndi chumuni chootherapo moto, khonde lalikulu ndi denga lotsetsereka bwino, zinthu zomwe omanga amakono azitaya popanda chifukwa chomveka.

Lamulo limodzi musaliphwanye: nyumba iliyonse ikhale yoti anthu agonamo kwa nyengo ziwiri za mvula kapena kuposa apo. Nyumba yongotha kumene sinayesedwe. Onetsetsaninso kuti pulani yake inavomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda, kuti musaphunzitse anthu pa nyumba yomwe inamangidwa mozemba malamulo.

Kupempha eni nyumba

Gawo ili ndi lomwe limafuna ulemu wonse umene muli nawo. Musapemphe pa WhatsApp. Pitani anthu awiri pamodzi ndi katswiri uja, mutapangana nthawi, ndipo mulankhule ndi bambo ndi mayi a pakhomopo onse ali pamodzi, chifukwa nthawi zambiri bambo amavomera msanga pomwe ntchito yokonza m'nyumba ndi kulandira alendo idzagwera mayi. Mukakhala pansi ndi kulonjerana, fotokozani cholinga mosazungulira. Mungathe kunena kuti, “Bambo ndi mayi, tabwera kudzapempha nzeru. Pali anzathu ambiri amene akufuna kumanga, ndiye tikupempha kuti adzaone mmene nyumba yanuyi inamangidwira, makamaka mmene munathanirana ndi madzi ndi kuzizira.”

Mawu amenewa ali ndi ntchito yake. Eni nyumba ambiri amaopa zinthu ziwiri, akuba ndi pakamwa pa anthu, ndipo chachiwirichi sachitchula msanga. Munthu safuna kuti kumpingo kapena kuntchito azimunena kuti akudzionetsera, ndiponso amaopa nsanje. Mukamuonetsa kuti anthu akubwera kudzaphunzira za ngalande ndi mazenera, osati kudzawerenga mipando yake, mtima wake umakhala pansi. Akakana, thokozani ndi kuchoka mwaulemu, ndipo musatume wina kuti akawanyengerere.

Akavomera, lembani pepala la mgwirizano lomwe mbali zonse zisayine. Mulembemo tsiku ndi maola, chiwerengero cha anthu olowa nthawi imodzi, zipinda zololedwa ndi zoletsedwa, ndiponso ngati zithunzi zikuloledwa. Ine ndimalangiza kuti kuchipinda kwa bambo ndi mayi kukhale kotseka ngakhale iwo atavomera, pakuti pachikhalidwe chathu mlendo salowa kumeneko, ndipo zomwe anthu angaphunzire m'chipindamo angazione pa pulani yomatidwa pakhoma. Ngati m'nyumbamo mukukhala wochita lendi, chilolezo chichokere kwa iye ndi kwa landilodi yemwe. Wogwira ntchito pakhomopo ndi mlonda auzidwe kudakali nthawi, ndipo komiti iwapatse kangachepe chifukwa tsikulo ntchito yawo idzachuluka.

Tsiku loyenera

Ena angasankhe Lolemba loyamba la Okutobala, lomwe ndi tsiku lokumbukira ntchito ya akatswiri a mapulani a nyumba padziko lonse, ndiponso tsiku lomwe United Nations inapatula kuti anthu aziganizira za malo okhala. Tsikuli ndi labwino pa mayendedwe chifukwa misewu yafumbi imakhala youma. Komabe nyumba ya mu Okutobala ili ngati mkwatibwi pa tsiku la ukwati, iliyonse imaoneka bwino. Ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, mpaka mu Epulo ndi kulowa mu Meyi, kenako kumabwera chisanu ndi mvula yowaza ya Juni ndi Julayi, ndipo nyengo imeneyi ndi yomwe imaulula zoona za nyumba. Choncho sankhani tsiku pakati pa kumayambiriro kwa Meyi ndi pakati pa Julayi, pamene zipsera za mvula zikuonekabe pamakoma ndipo kuzizira kwayamba kumveka m'zipinda. Masiku atchuthi monga 14 Meyi ndi 6 Julayi amathandiza, chifukwa Loweruka ndi Lamulungu aliyense amapatula gulu lina la opembedza. Gwirizananinso tsiku lina lapadera, poti maliro akagwa m'deralo kapena pabanjapo, mwambo wonse uyenera kuimitsidwa.

Kulembetsa ndi chitetezo

Musalengeze malo enieni a nyumbazo pa wailesi kapena pa intaneti. Lengezani tsiku ndi malo okumanirana, ndipo aliyense alembetse pasadakhale dzina lake ndi nambala ya foni, n'kudzaonetsa chitupa cha unzika patsikulo. Gawani anthu m'magulu a anthu asanu ndi atatu kapena khumi, gulu lililonse likhale ndi wotsogolera patsogolo ndi wina wotsalira kumbuyo. Dziwitsani mfumu ya m'deralo, a chitetezo cha m'mudzi ndi oyandikana nawo nyumba. Zikwama zikuluzikulu zitsale pageti, agalu amangidwe, ndipo ngakhale kumene zithunzi zaloledwa, maloko, makamera achitetezo ndi nambala za magalimoto zisajambulidwe. Ngati mukufuna ndalama ya minibasi ndi madzi akumwa, nenani poyera kuti ndi ya zimenezo. Pakati pa otsogolera pakhale odziwa Chitumbuka bwino, kuti mayi wachikulire amene ali ndi funso asalisunge mumtima.

Zoyenera kuona

Gulu likafika, likuwe odi monga mwa masiku onse, lipereke moni kwa eni nyumba, kenako liyambire panja. Wotsogolera alimbike pamenepa, chifukwa anthu amafuna kuthamangira m'kati kukaona matailosi, pomwe theka la phunziro lili pabwalo.

Imani pamalo okwera kwambiri a puloti ndi kufunsa katswiri kuti madzi a mvula akagwa pamenepo amadzera kuti mpaka atuluke. Tsatirani njira yakeyo ndi mapazi. Onani ngati pali ngalande yowaka yomwe imapatutsa madzi ochokera kwa oyandikana nawo akumtunda asanafike pakhoma, ndipo onani komwe ngalandeyo ikukathira, popeza nyumba yomwe imangotayira madzi ake onse kwa mnansi wakumunsi sinathetse vuto. Kumene anadula chitunda kuti apeze malo osalala, yang'anani khoma lotchinga dothi, ndipo funani timabowo totulutsa madzi m'munsi mwake. Khoma lopanda timabowo timeneti limasunga madzi kumbuyo kwake, dothi limalemera, ndipo tsiku lina khomalo limagonja. Anthu a mumzinda muno akukumbukira mvula ya mu Epulo 2016, yomwe inagwetsa nyumba zambiri ndi kugumula zitunda, choncho funso limeneli silidzakhala lachilendo kwa iwo.

Mukatero weramani m'munsi mwa khoma la nyumba. Ikani chikhatho pa pulasitala cha m'mawondo ndi kumva ngati pali chinyezi. Penti yotupa ngati matuza, ndere zobiriwira ndi ufa woyera wotuluka m'njerwa ndi zizindikiro zoti madzi akukwera kuchokera pansi. Funsani kuti DPC, pepala lakuda lija lomwe amayala pamwamba pa faundeshoni, ili pa mzere uti wa njerwa. Iyenera kukhala masentimita 15 kapena kuposa pamwamba pa dothi lakunja, koma kawirikawiri eni nyumba amadzaunjika dothi la maluwa m'mbali mwa khoma mpaka kuikwirira, n'kuononga okha chitetezo chomwe analipira.

Kenako kwezani maso. Onani kuti denga latuluka motalika bwanji kupitirira khoma. Denga lotuluka masentimita 60 kapena kuposa limateteza khoma ndi mazenera ku mvula yamphepo, ndipo mudzaona kusiyana kwake ndi maso pa mtundu wa penti. Masiku ano kwafala madenga obisika kuseri kwa khoma, omwe amaoneka okongola mumsewu, koma madzi ake onse amadalira gatala yobisika yomwe ikatsekeka ndi masamba imathira m'siling'i. Sindikunena kuti denga lotero silingamangidwe bwino, koma kumalo a mvula ngati kuno mwini wake afunsidwe mwaulemu kuti amakwera kangati pachaka kukachotsa zinyalala. Pempho lina kwa katswiri likhale loti awerengere anthu madzi a padenga: mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, kotero denga la masikweya mita 100 limatsitsa malita 2,000 pa mvula ya mamilimita 20 yokha. Munthu akamva chiwerengero chimenechi amamvetsa chifukwa chake pansi pa malata pamakumbika, ndiponso phindu la thanki yokololera madzi.

Musanalowe, wotsogolera aloze kumpoto. Mzuzu ili kummwera kwa equator, choncho kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka m'kati mwa Okutobala dzuwa la masana limadutsa chakumpoto, ndipo mu Juni ndi Julayi limapendekera kumeneko kwambiri. Chipinda chomwe mazenera ake akuluakulu ayang'ana kumpoto chimalandira dzuwa nthawi yachisanu, pomwe m'miyezi yotentha dzuwa limakhala pamutu ndipo denga lotuluka lija limachita mthunzi. Mazenera akuluakulu a kumadzulo amalowetsa dzuwa lamadzulo la Okutobala lomwe limatenthetsa chipinda mpaka usiku. Nzeru imeneyi siwonjezera thumba la simenti ngakhale limodzi pa mtengo wa nyumba, koma anthu ambiri amangoyang'anitsa nyumba kumsewu osafunsa komwe dzuwa lidzere.

Vulani nsapato pakhomo ngati eni ake amatero. M'kati, imani kaye chete pabalaza ndi kumva ndi thupi ngati mukufunda kapena mukuzizira, kenako yerekezani ndi chipinda cha mbali ya kummwera. Mumzinda womwe uli mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, nkhani ya kufunda si yamasewera, chifukwa m'nyumba yozizira ndi momwe anthu amalowetsa mbaula usiku n'kutseka mazenera, ndipo mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo. Funsani ngati pamwamba pa siling'i kapena pansi pa malata anayalapo chotchinga kutentha ndi kuzizira. Suzumirani kuseri kwa kabati ndi m'ngodya za bafa, ngati mwaloledwa, kuti muone madontho akuda a nkhungu, omwe amasonyeza kuti mpweya suyenda. Onani ngati chipinda chilichonse chili ndi polowera ndi potulukira mpweya, komanso ngati mukhoza kuwerenga nyuzipepala mukolido masana popanda kuyatsa getsi.

Kukhitchini alankhule ndi mayi a pakhomopo kapena amene amaphika, osati katswiri. Iwo ndi amene angakuuzeni komwe amaphikira magetsi akazima, komwe amasunga matumba a chimanga ndi makala, komwe amayanika zovala m'masabata a mvula yosalekeza, ndiponso ngati khonde lakuseri limakwana kukhalapo ndi mbaula, mtondo ndi alendo ochokera kumudzi. Pulani yokopera kunja siiganizira zimenezi, ndipo n'chifukwa chake mumaona nyumba yokongola ili ndi kachisakasa ka malata akale kumbuyo.

Zina sizioneka chifukwa zinakwiririka ndi pulasitala, choncho pemphani eni nyumba kuti aonetse zithunzi za nthawi yomanga. Pazithunzipo katswiri aloze ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo amene amamanga makoma onse pamodzi pamwamba pa mazenera, ndi mawaya kapena zitsulo zomangirira denga kukhoma. Chigawo chino chili m'dera la zivomezi, monga anthu a ku Karonga anaonera mu Disembala 2009. Funsaninso ngati matabwa a paini a kudenga, omwe ambiri amachokera ku Chikangawa, anathiridwa mankhwala a chiswe asanakhomedwe.

Nkhani ya ndalama

Funso loti nyumbayi inadya zingati lidzabwera ndithu, ndipo ndi bwino kugwirizana ndi eni nyumba pasadakhale ngati akufuna kuliyankha. Ngati sakufuna, wotsogolera anene zimenezo poyamba penipeni kuti wina asawachititse manyazi. Ngakhale atayankha, chiwerengero cha makwacha chingasocheretse, poti kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero mtengo wa nyumba yomangidwa kale sungakuuzeni za lero. Chothandiza ndi kufunsa kukula kwa nyumba m'masikweya mita, matumba a simenti, chiwerengero cha malata ndi mabuloko, ndi miyezi yomwe ntchito inatenga. Katswiri afotokozenso poyera mmene amalipiritsira, ndiponso kusiyana kwa kungojambula pulani ndi kuyendera ntchito mpaka ithe, chifukwa ambiri amaopa kupita kwa akatswiri pongoganiza kuti sangakwanitse, asanafunse n'komwe. Funso lomaliza kwa eni nyumba likhale lakuti, “Mukanati muyambirenso, mukanasintha chiyani?” Ngati katswiriyo ndi womasuka, alole kuti liyankhidwe iye ali pomwepo.

Nyumba iliyonse ipatsidwe mphindi 45 kapena ola limodzi, ndipo wosunga nthawi asachite manyazi kutulutsa gulu, popeza banjalo likufunikanso kudya ndi kupuma. Itananiponi amisiri omanga ndi akalipentala, kuphatikizapo ophunzira a pa Mzuzu Technical College, chifukwa manja awo ndi omwe adzamange nyumba za anthu amene abwerawo.

Gulu lomaliza likatuluka, anthu awiri a komiti atsale kuti asese, akolope ndi kuyendera zipinda pamodzi ndi eni nyumba, kuti ngati china chasweka kapena chasowa chidziwike tsiku lomwelo ndipo komiti ilipire. Kaundula wa mayina asungidwe ndi mlembi yekha. Pasanathe sabata, bwererani ndi kalata yothokoza yosayinidwa ndi wapampando, ndipo zithunzi zilizonse zomwe mukufuna kuika pa intaneti muyambe mwawaonetsa eni ake kuti asankhe okha zoyenera kutuluka.